Chipinda Changa cha Laimu

Lolemba

M'mawa. Dzuwa la Okutobala layamba kuwotcha lisanakwere n'komwe, koma lero sindidandaula. Lero ndikukumana ndi wojambula pulani ya nyumba yanga. Yanga! Ndalemba kawiri kuti ndione mmene mawuwa akuonekera papepala.

Zaka makumi asanu ndi ziwiri, telala wa mayunifolomu a sukulu pamsika wa kuno ku Matero mu Lusaka, ndipo chibadwire sindinagonepo m'chipinda ndekha. Ndili mwana tinkagona anayi. Kuukwati, mwamuna wamkonono, mzimu wake uuse mumtendere. Atamwalira abale ake anatenga zonse mpaka makatani, ine n'kubwerera kunyumba ya malemu bambo, komwe tsopano kuli achimwene ba Yobe ndi banja lawo. Malo anga ndi pabalaza. Ndimagona anthu akatopa ndi kanema, ndimadzuka asanadutse woyamba wopita kuchimbudzi. Zaka khumi ndi zinayi ndikuvalira kuseri kwa sofa.

Kapoloti ka kukomboni ya George ndinakagula ndi singano. Palibe anandiponyerako ngakhale batani.

Masana. Afika ba Daka, akitekiti. Mtsikana ndithu, msinkhu wa mwana wanga Esnati, wovala majombo afumbi. Tinadziwana pamene ndinkasoka zovala za paukwati wa mkulu wawo. Akhala pa mpukutu wa nsalu, atulutsa kope. Ine ndimayesa abwera ndi zithunzi za nyumba kuti ndiloze imodzi, monga amachitira makasitomala anga posankha sitayilo. Ayi, abwera ndi mafunso:

- Mumadzuka nthawi yanji?
- Posoka, kuwala kumachokera mbali iti?
- Mumaphikira panja kapena m'kati? Mbaula kapena magetsi?
- Mvula ikagwa, madzi a papoloti amathamangira kuti?
- M'nyumbamo mudzakhala ndani ndi ndani?

Lomalizalo ndayankha mokweza mpaka telala mnzanga wacheuka: Ndekha!

Sindinafunsidwepo mafunso otere ndi munthu aliyense, ngakhale kuchipatala. Pang'onong'ono ndilire pamaso pa mwana.

Zimene ndawauza:

1. Chipinda changa, chitseko cha kiyi.
2. Windo lalikulu loyang'ana kum'mawa, ndizilowetsa ulusi m'singano popanda kupempha maso a munthu.
3. Chimbudzi cha m'kati. Mawondo atopa.
4. Maziko okwera, chifukwa madzi a mvula ku George sanena odi.
5. Kachipinda ka mlendo, kakang'ono, mlendo asazolowere.

Ajambula pomwepo ndi pensulo, pabondo. Afotokozanso mmene ntchito yawo imayendera. Lero chojambula choyamba. Lachitatu tikachilemba pansi papoloti ndi laimu, ndikayendemo ndi miyendo yanga. Zosintha zisinthidwe mlungu uno. Lamulungu ndisaina, kenako pulani ipita kukhonsolo, maziko akumbidwe mvula isanafike. Ndikasaina basi, kulibe kusintha.

Chenjezo lawo ndi limodzi: poloti ndi yaing'ono. Kutsogolo kuli msewu, pafunika kusiya malo. Kumbuyo kuli chimbudzi chokumba cha aneba. Kumadzulo kuli chimwala chachikulu ngati minibasi. "Ba mayi, nyumba iyi siingakule. Mukaonjezako kuno, ninshi mwachotsako uko."

Ndaseka. Aonjeze ndani?

Madzulo. Munthu sumanga nyumba osauza akuluakulu, angamvere kwa anthu. Ndisanamenso, ndimafuna kudzionetsa. Ndayala pepalalo patebulo pamaso pa ba Yobe. Alitembenuza kawiri, ati aliona bwino akavala magalasi, alowa nalo kuchipinda kwawo. Pepala langa ligona m'chipinda, mwini wake pabalaza.

Lachiwiri

Ba Yobe ndi mlonda wa nyumba yosungira katundu kumafakitale. Koma kalekale anagwirapo ganyu yonyamula mabuloko miyezi itatu, ndiye kuyambira pamenepo ndi injiniya. Lero adzuka ndi bolopeni yofiira.

Pepala labwerera lili ndi mivi, mitanda ndi mafuta a chitumbuwa.

Zolakwa zimene apeza:

- Wojambulayo ndi mkazi.
- Malemu bambo anaonjezera zipinda ziwiri kuno poyeza ndi phazi, popanda pepala. Aiwala kunena kuti m'ming'alu ya zipindazo timatsekamo nsanza.
- Windo lalikulu ndi loitana akuba.
- Nyumba ya pamsewu yopanda shopu kutsogolo ndi kutaya madalitso.

Shopuyo agulitsemo ndani, poti ine ndili ndi malo anga pamsika? "Mulamu wako amake Lute. Azigulitsa vitumbuwa, azikuonerako na nyumba ukapita ku nchito. Mutu umodzi susenza denga." Mwambiwo aunena ngati malata agula ndi iwo.

Mlamu waima pakhomo la khitchini, akupukuta mbale imodzi yomweyo. Nkhope ya mngelo. Nkhaniyi yaphikidwa kuchipinda, ine ndikumva fungo lake.

Ndikufuna kukana. Koma zaka khumi ndi zinayi ndadya mchere wa m'nyumba muno, ndipo ba Yobe sanandibweze tsiku ndinafika ndi chikwama chimodzi ndi mwana. Iwo sananene zimenezo. Angotsokomola. Kutsokomola kwa achimwene ndimakumva kuposa mawu.

Masana. Ndaimbira ba Daka.

"Imwe mufuna shopu?"

Ndati achimwene akuti ndi yofunika.

"Nafunsa imwe, ba mayi."

Ndati ikani, kakang'ono chabe.

Ba Daka ati shopu ifuna khomo lakelake, idya balaza, ndipo chipinda changa chitaya mita imodzi. Mita imodzi n'chiyani? Ndimadula mamita tsiku lonse. Mita imodzi ndi siketi ya mwana wa giredi wani.

Kolala ya shati ndasoka chozondotsa kawiri. Mwini wake wati ndikukalamba.

Madzulo. Mlamu wandiikira ntchafu ya nkhuku. Chifikire muno gawo langa ndi khosi. Ntchafu imodzi, mita imodzi. Ndadya, inali yokoma, ndipo kukomako ndiye kwandikwiyitsa kwambiri.

Lachitatu

Tsiku la laimu! Mashini ndafunditsa chitenje, ndakwera minibasi ya ku George. Ba Daka abwera ndi tepi yaitali, zikhomo, chingwe, thumba la laimu, ndi bambo wina womanga amene amagwira naye ntchito. Pofika teni koloko nyumba yonse yagona pansi, mizere yoyera padothi lofiira.

Ndalowa pakhomo. Ndadutsa pabalaza. Ndaima m'chipinda changa. Ba Daka ati nditambasule manja, ndiyerekeze kuyala bedi, ndikoke mpando wa mashini, ndione ngati chigongono sichigunda khoma. Dzuwa likundimenya kumaso kuchokera pomwe padzakhale windo. Ndangoima pamenepo ngati chitsiru, mano pamtunda. Mayi wina wa pafupi wabwera, waima kunja kwa mzere, wati "Odi!" pachitseko cha laimu. Ndati lowani. Wapukuta mapazi polowa. Ku George kuli anthu aulemu.

Bwenzi nditabwerera kunyumba pomwepo.

Ndangoona Esnati akutsika m'minibasi. Wamuuza ndani? Mlamu, pafoni. Esnati, mwana wanga mmodzi yekhayo. Kumbuyo kwake mwamuna wake, mkamwini wanga, kondakitala. Amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Kabanana ndi ana awiri. Esnati wayenda m'mizere ngati akuyendera munda wake, walowa m'kachipinda ka mlendo, waika chikwama pansi. Chikwama chikafika pansi, nkhani yatha.

"Amama, muzagona mweka mu nyumba yonse iyi, bazukulu banu bagona pansi pa tebulo ku Kabanana?"

Adzukulu anga. Wagwira pamtima penipeni. Amadziwa pogwira, ndinamubereka ndine.

Ndiye pabwera za mwambo. Mkamwini waima patali pafupi ndi chimwala, chipewa m'manja, monga kuyenera. Mkamwini ndi apongozi sasambira bafa limodzi. Sakumana pakanjira ka m'kati wina atamanga chitenje pachifuwa. Khoma la chipinda chawo lisagundane ndi la changa, munthu usamve zosayenera kumva. Izi sananene Esnati ayi. Ndanena ndekha, ndi pakamwa pangapa, chifukwa ndi zoona ndipo ndinaleredwa. Ba Daka akulemba, nsidze zili m'mwamba.

Zofunika tsopano: chipinda cha banja, kachipinda ka ana, bafa lachiwiri, khomo lawolawo.

Kumene zonsezi zingakwane: kum'mawa kokha.

Amene ali kum'mawa: ine.

Ba Daka andikokera pambali. "Ba mayi, ganizani bwino. Mungakane." Ndayang'ana Esnati, akusisita mimba. Wachitatu ali m'njira. Ndamvera pompano, papoloti, pamaso pa womanga.

Zikhomo za kum'mawa zazulidwa. Ndathandiza kuzula, kuti ntchito ifulumire.

Lachinayi

Chojambula chachitatu. Ba Daka achibweretsa kumsika. Chipinda changa chasamukira kumadzulo, kutsamira chimwala. Windo lachepa ndipo likuyang'ana mpanda wa aneba. Dzuwa lizidzafika folo koloko madzulo litatopa kale.

Ayeza mashini anga ndi tepi. Afunsa kukula kwa bedi limene ndinaliona kwa kalipentala. Adula timapepala tiwiri, kena ka bedi, kena ka mashini, molingana ndi muyezo wa pulani, andipatsa kuti ndilowetse ndekha m'chipindamo. Bedi likalowa, mashini atsala panja. Mashini akalowa, bedi latsala panja. Zonse zikalowa, chitseko sichitseguka. Ndayesa mopingasa, ndayesa mozondotsa, ngati ndikudula malaya pansalu yosakwana. Telala safuna kuuzidwa nsalu ikachepa.

"Kasitomala wanga ndimwe. Osati ba Yobe, osati ba Esnati. Nizajambula vamene mwavomera, koma nifuna muvomere na mtima wanu."

Mtsikanayu akunena zoona, ndipo ndikumuda nazo. Iye anapita kusukulu yophunzira pomwe khoma liyenera kuima. Sukulu yophunzira kukaniza achimwene ili kuti? Ndikalembetse.

Ndamanga mtima: lero ndikana. Shopu ichoke, mita yanga ibwerere. Ndikuyeserera pa chidole chopimira madiresi:

- Ayi.
- Ayi, achimwene.
- Pepani achimwene, koma ayi.
- Pepani kwambiri achimwene, mwina za shopu tidzazione mtsogolo.
- Mwina.

Chidolecho chilibe mutu, koma chaoneka chokhumudwa.

Telala mnzanga wamva zonse. Wati iye akanakhala ine akanawathamangitsa onse ndi sizasi. Iyeyo m'nyumba mwake muli alamu atatu ndi mbuzi ya apongozi. Kulangiza n'kokoma.

Madzulo. Ndafika ndi "ayi" wanga pakhosi. Zimene ndapeza:

- Mlamu wagula kale chiwaya chachikulu chokazingira, chili pasofa pomwe ndimavalira.
- Ba Yobe auza anzawo onse kuntchito kuti banja likutsegula shopu. Dzina lapezeka kale.
- Esnati wauza landilodi wake kuti asamuka. Wamuuzanso mawu ena amene sabwezeka.
- Pafoni pali mawu a adzukulu, akuimba kuti agogo atimangira nyumba.

"Ayi" uja ndamumeza ndi madzi. Wakhala pachifuwa ngati mbatata youma.

Nyumba ilibe ngakhale buloko limodzi, koma yadzaza kale.

Lachisanu

Azakhali!

Mlongo wawo wa malemu bambo, a ku Chawama, wamkulu yekhayo amene watsala kumtundu kwathu. Zaka zawo palibe akuzidziwa, eni akenso anasiya kuwerenga. Afika mamawa ndi ndodo. Ati mwana wa mlongo wawo akumanga, iwo n'kumvera kwa anthu a kumpingo ngati mlendo. Ndagwada, ndapepesa. Ati dzuka, tiye ukandionetse.

Papoloti tapeza ba Daka ndi womanga uja akuyeza kutsetsereka kwa malo. Azakhali pepala sanaliyang'ane n'komwe. Akuyenda m'mizere, ndodo ikugogoda pansi. Pashopu: "Hm." Pamabafa: "Zimbudzi ziwiri? Muzidzadya chiyani m'nyumba muno?" Kenako aima pabalaza, limene shopu inalidya mpaka latsala ngati khonde.

"Maliro adzachitikira pati?"

Ba Daka ayesa sanamve bwino.

Azakhali afotokoza ngati akuphunzitsa ana. Nyumba ya munthu imadziwika pamaliro. Mipando yonse imatuluka, amayi amakhala m'kati, pansi, miyendo yotambasula, masiku atatu, amuna panja patenti. Apa pangakhale amayi angati? Asanu ndi ketulo. Amayi a kumpingo akakhale mumsewu? Nanga bokosi, tsiku lobwera ndi mtembo kudzatsanzika pakhomo, lidzalowa bwanji?

Ba Daka ati khomolo lili pamuyezo woyenera. Azakhali sakangana ndi ana. Atuma womanga akabwereke thabwa lalitali kwa aneba. Womanga kutsogolo, aneba kumbuyo, thabwa paphewa. Alowa pakhomo la laimu pang'onopang'ono, azakhali ayambitsa nyimbo. Pokhota, thabwa lawoloka mzere, ndiye kuti lagunda khoma. Abwerera, ayesanso mopendeketsa. Lagundanso.

"Waona? Ku Chawama kuli banja linagumula windo kuti bokosi lituluke. Mpaka lero tikamadutsa timalozerana."

Anthu a ku George asonkhana. Amuna ena avula zipewa. Mayi wa odi uja wabwera atamanga kale mpango, wandigwira dzanja, wafunsa kuti watisiya ndani.

Ndafunsa mwaulemu kuti kodi tikukonzekera maliro a ndani, poti tonse tili bwino.

Azakhali: "Anga."

Ana awo onse ali m'nyumba za lendi, ndipo eni nyumba salola maliro pakhomo pawo. Ku Matero n'kothina. "Ndiwe mwana wa mlongo wanga. Udzandilirire pano, pamalo pathupathu, ndisadzalilidwe pakhonde pa munthu ngati wakudza." Akunena atandigwira mkono, maso ali ndi misozi. Si nthabwala, nkhalambayi ikuopadi. Ndipo ndi omwewa anandigoneka pamiyendo pawo tsiku limene anamwalira mwamuna wanga.

Munthu angakanize nkhalamba maliro ake? Wina andiuze mawu ake, ndiwalembe. Ba Daka akundiyang'ana. Ine ndikuyang'ana chimwala.

Thabwa tabweza. Aneba ati tikadzalifunanso tingonena.

Loweruka

Msonkhano papoloti. Ba Daka ati aliyense amene waikapo mlomo pa pulaniyi abwere. Abwera onse, ovala ngati akupita kuukwati. Mlamu wanyamula beseni la zitumbuwa.

Ba Daka lero ali ndi nkhope ya nesi. Ayala pepala pachimwala, ati ayesa njira zonse. Kusanja nyumba m'mwamba, thumba la telala silingathe. Kuphwanya chimwala, nyumba za aneba zing'aluka. Kusendera kumsewu, pulani siidutsa kukhonsolo. Ndiye pali zinthu zinayi, malo a zitatu:

1. Shopu.
2. Mbali ya Esnati.
3. Balaza la maliro.
4. Chipinda changa.

Chimodzi chichoke.

Ba Daka: "Nonse nkhalani chete. Bazayankha ni bene ba nyumba."

Ndikumva wailesi ya aneba ndi nkhuku yofukula m'bafa lachiwiri. Ba Yobe akuyang'ana nsapato zawo. Mlamu akuvindikira zitumbuwa. Esnati dzanja pamimba. Mkamwini wabisala kuseri kwa chimwala, mwaulemu. Azakhali atsinzina ngati ayamba kale kuyeserera.

"Ayi" uja wakwera mpaka palilime. Ndikulumbira, anafika.

Ayamba ba Yobe: "Mlongo wanga uyu ni munthu wosavuta. Zaka zonse izi agona pabalaza, sanadandaulepo olo kamodzi."

Mlamu: "Mtima ngati uyu kulibe mu Lusaka yonse."

Esnati: "Amama sibakonda kunkhala beka, bangadwale na maganizo."

Azakhali, maso ali chitsinzinire: "Balaza lalikululo lidzakhala lako lonse, mwanawe. Ine ndidzalifuna masiku atatu okha."

Kuyamikiridwa kumapweteka kuposa kutukwanidwa. Wotukwana umamubwezera. Woyamika umuyankha chiyani? Sindinadandaule zaka khumi ndi zinayi chifukwa ndinali m'nyumba ya eni, ndipo wosungidwa sasankha pogona. Iwo ankayesa ndikusangalala. Kapena sankayesa n'komwe, zinangowakomera.

Ndati chabwino.

"Chabwino chani, ba mayi? Kambani bwino, onse bamve."

Ndati chipinda changa chilowe m'balaza.

Ba Daka apinda manja. "Mzere uyu ine sinizafufuta. Ngati ni vamene mufuna, fufutani mweka."

Koma mtsikana uyu! Nkhanza zina zimabwera ndi ulemu. Ndayenda pamaso pa onse, ndaima pakhoma la chipinda changa, ndafufuta ndi patapata. Laimu safuna mphamvu. Kukwekweza kanayi, khoma lagwa. Anthu aomba m'manja, mlamu waimba nthungululu, azakhali atsogolera pemphero lalitali lothokoza Mulungu chifukwa cha umodzi wa banja. Fumbi loyera lakhala kuzala zanga, ndakwera nalo minibasi mpaka ku Matero.

Zitumbuwa zatha. Ba Daka okha ndiye sanadye.

Lamulungu

Kutchalitchi mbiri yafika kale. Anthu akundipatsa moni kuti ba landilodi. Mtsogoleri wa amayi wanditchula monga chitsanzo cha mayi wosadzikonda, wati ndiimirire anthu andione. Ndaimirira. Mawondo omwe aja.

Masana. Ba Daka afika ndi pulani yomaliza. Mapepala akuluakulu, oyera, mizere ya pakompyuta. Nyumba yokongola, ndisaname. Maziko okwera, madzi sadzalowa. Shopu ili ndi kawindo kogulitsira. Mkamwini angathe chaka chonse osaona nkhope yanga. Pakhomo lakutsogolo pangadutse mabokosi awiri nthawi imodzi. Pakona pansi pali dzina langa m'zilembo zikuluzikulu: mwini nyumba.

Andipatsa cholembera, koma sanachisiye msanga. "Mwasimikiza, ba mayi? Mukasaina ninshi yapita." Ndati kukana kunali kwa Lachiwiri, lero n'kuthamangira minibasi yonyamuka kale. Ndasaina masamba atatu.

Kenako atsitsa mawu, aloza kanthu pakhoma la balaza. Kabati ya m'khoma, yaitali, yopapatiza. Malo ake aba pang'ono kushopu, pang'ono kubafa lachiwiri, osauza munthu. Ndi yosungiramo matiresi anga masana, alendo akabwera asamaone pomwe amagona mwini nyumba. "Ni vokha vamene nakwanisa." Maso awo ali ofiira. Ndawathokoza kuchokera pansi pa mtima. Mlungu wonsewu munthu mmodzi yekha ndiye waba kanthu kuti andipatse.

Ndiye matiresi anga apeza chipinda chawo. Tiwayamikire, nawonso avutika.

Madzulo. Pepala lina latsala patebulo. Mlamu sadziwa kuwerenga pulani, koma kabati waiona. Waima pambali panga, akupukuta manja kuchitenje.

"Mulamu, matumba ya fulawa na vigubu va mafuta sivingakwane umu? Mu shopu muzankhala mothina."

Ndatenga tepi yanga, ndayeza papepala monga anandiphunzitsira ba Daka. Zikukwana bwinobwino, matiresi akatuluka.

Ndamuuza kuti zikwana.